Kuyendayenda sikumaliza gemu

Chaka chino ndagona m'nyumba zinayi: kuhositelo, kwa azakhali, kwa mnzanga, kenako kumudzi. Konseko ndimanyamula laputopu, kudziphunzitsa kupanga magemu ndi Godot, pulogalamu yaulere yomwe imagwira ntchito ngakhale popanda intaneti.

Anzanga amandisirira, ati ndine mfulu ngati azungu aja olemba code pagombe ku Bali. Ine ndikukana. Ulendo umandipatsa nkhani, inde (gemu yanga ndi ya kondakitala wa minibasi), koma code imafuna munthu wokhazikika. Ndikasamuka, sabata yonse imatha ndikufufuza pomwe ndinalekezera. Eric Barone anatulutsa Stardew Valley mu 2016 atalimbana nayo yekha zaka zoposa zinayi. Ine patha miyezi 9, koma kondakitala wanga sanayambebe n'kutolera ndalama komwe.