Makwinya a bulauzi asakhale basela

Ku Nsambe, m'mapiri a boma la Neno, ndalama imayenda ndi nyengo. Mbatatesi zikakumbidwa, tirigu akapunthidwa, manachesi akatsika kupita ku Zalewa ndi ku Blantyre, m'pamene zinkhoswe ndi maukwati zimachuluka, ndipo makina osokera omwe anali chete pakhonde amayamba kulira mpaka dzuwa kulowa. Chovala chomwe amayi ambiri amafuna nyengo imeneyi ndi bulauzi ya chitenje ya makwinya m'chiuno ndi m'mikono. Imakongola ndithu, koma ndiyo imene imagwetsa osoka ambiri m'mbuna ya kuluza osadziwa.

Vuto lake ndi lodziwika. Wosokera pakhomo amatchula mtengo umodzi wa bulauzi, kaya ndi yosalala kaya ndi ya makwinya. Kasitomala akati "mundiikireko tokwinya apa ndi apa," amangovomera ngati kuti ndi tomato mmodzi woika pamwamba pa mulu. Komatu makwinya si basela. Amadya nsalu, ulusi ndi nthawi, choncho ayenera kukhala ndi mtengo wakewake.

Tepi yoyezera siinama. Kuti nsalu ikwinyike bwino, mzere wake umayenera kutalika kawiri kuposa malo omwe ukusokedwapo, kapena kamodzi ndi theka ngati nsaluyo ndi yokhuthala. Mayi wa chiuno cha masentimita 90 amafuna mzere wa masentimita 180. Chitenje m'lifupi mwake chimangopitirira pang'ono mita imodzi, ndiye mzerewo umatuluka podula kawiri n'kulumikiza. Ngati makwinyawo atsike masentimita 20, kuphatikizapo atatu opindira, nsalu yopita pamenepo ndi masentimita 46. Mikono iwiri ya masentimita 35 uliwonse imafuna mizere ya masentimita 140 pamodzi, yomwe imatenganso masentimita 24 ngati ili ya masentimita 12 kutsika kwake. Zonse pamodzi ndi masentimita 70. Pa chitenje cha mamita awiri, gawo limodzi mwa magawo atatu lapita ku makwinya okha, thupi la bulauzi lisanadulidwe n'komwe.

Nthawi nayo imapita chimodzimodzi. Mizere yonseyo ndi yotalika mamita atatu ndi masentimita 20, ndipo m'mphepete mwake monse muyenera kupindidwa, kusitidwa ndi kusokedwa isanakwinyidwe. Kenaka wosoka amayendetsa mizere iwiri ya ulusi wotalikirana, n'kukoka ulusi wa pansi pang'onopang'ono, kugawa makwinya kuti asaunjikane mbali imodzi. Ulusi ukaduka pakati, ntchito iyambirenso. Pa makina opalasa ndi miyendo, ndi simbi ya makala yodikira kuti itenthe, maola amenewa akanatha kusoka siketi ina kapena mayunifolomu a ana a sukulu. Wosoka amene salipiritsa maolawa akugwira ganyu yaulere m'nyumba mwake momwe.

Kale kuluza kotereku kunkabisika chifukwa zipangizo zinali zotsika mtengo. Lero sizili choncho. Kwacha inagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ulusi, zipi, singano, lasitiki ndi mafuta a makina zambiri zimachokera kunja, ndipo zisanafike ku Nsambe kuchokera ku Limbe zimakhala zalipiranso thiransipoti pa msewu womwe mvula ikagwa umavuta kwambiri. Mtengo wosokera ukakhala pomwe unali zaka zitatu zapitazo, amene akumeza kusiyanako ndi wosoka ndi ana ake.

Ena anganene kuti kukweza mtengo n'kuthamangitsa makasitomala, pakuti kaunjika ali pomwepo pa tsiku la msika. Mantha amenewa ndi omveka, koma akuiwala zinthu ziwiri. Choyamba, kaunjika nayenso sali wotchipa ngati kale. Mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika anachita zionetsero ku Lilongwe podandaula kukwera mtengo kwa mabelo. Chachiwiri, mu belo simutuluka mabulauzi khumi a nsalu imodzi, aliyense wokwana mwini wake, oti amayi avale mofanana pa chinkhoswe, pa ukwati kapena pa msonkhano wa mpingo. Ntchito imeneyi ndi ya telala yekha. Pomwe wosoka alibe wopikisana naye m'pomwe sayenera kudzigwetsa.

Chofunika si kukweza mtengo mwachibwana, koma kuugawa poyera. Wosoka atchule mtengo wa bulauzi yosalala, kenaka wa makwinya a m'chiuno paokha ndi a m'mikono paokha. Kasitomala asankhe yekha malinga ndi thumba lake. Amene ndalama yamuperewera atenga ya makwinya a m'mikono okha, ndipo achoka wosakhumudwa chifukwa waona pomwe ndalama ikupita. Amene akufuna zonse adziwe kuti walira mvula walira matope: abweretse nsalu yokwanira, alipirenso ntchito yake.

Nkhani ya nsalu ikambidwe lumo lisanagwire ntchito. Mikangano yambiri ya pakhonde la telala imayamba pomwe mwini chitenje wabwera kudzafunsa nsalu yotsala yoti apange duku, n'kupeza kuti palibe. Wosoka akayala chitenjecho pamaso pa mwini wake, n'kumuonetsa ndi choko pomwe pachoke thupi, mikono ndi mizere ya makwinya, mbiri yoti amaba nsalu siimugwera. Ndi bwinonso kuviika chitenje m'madzi ndi kuchiyanika chisanadulidwe, chifukwa nsalu ya thonje imafupika ikachapidwa koyamba, ndipo ina imasuluka. Bulauzi ikathina pambuyo pochapa, mlandu umagwera wosoka, osati wogulitsa nsalu.

Pa maoda a gulu, theka la ndalama liyambe laperekedwa. Miyezo ya munthu aliyense ilembedwe m'kope pamodzi ndi dzina lake, mtengo ndi tsiku lodzatenga. Chibale ndi chinansi n'zabwino, koma "ndidzakupatsani ndikagulitsa mbatatesi" sagula ulusi. Zipi ndi ulusi wa mitundu yoyenda malonda zigulidwe zambiri mvula isanayambe, ulendo wa ku tauni usanakwere mtengo. Tizidutswa totsala tisatayidwe: timizere ting'onoting'ono timatuluka makwinya a madiresi a ana ndi tomangira tsitsi, zomwe zimagulika pa msika popanda kugula nsalu ina.

Makina osokera a pakhonde ndi bizinesi ngati okala kapena benchi ya tomato. Wogulitsa tomato amadziwa kuti m'dengu muli milu ingati asanatchule mtengo. Wosoka naye awerenge masentimita ndi maola ake asanavomere ntchito. Bulauzi ikavalidwa pa ukwati anthu n'kufunsa kuti wasoka ndani, dzina lake lidzamveka. Koma fizi ya mwana idzalipidwa pokhapokha ngati makwinya aja analipiridwa.