Kusamuka si kukweza katundu m'lole basi

Abale anga a kuno kumudzi, ndi inu a ku Limbe, Ndirande ndi Lilongwe, lero tikambeko za kusamuka. Nyengo ino malole akutuluka m'malaini a ku esiteti atasenza mabedi, matumba, ana ali pamwamba. Ena apuma pantchito, ena kontirakiti yatha. Nyumba ndi ya kampani, ntchito ikatha kiyi umabweza. Pamenepo palibe mlandu. Mlandu wanga uli ndi ife tomwe.

Inu a m'tauni mumati kodi munthu wakumudzi ali ndi chiyani choti n'kumudwalitsa mutu polongedza? Eetu, inu mumapempha makatoni pagolosale, zovala m'mashangani, basi mwanyamuka. Ife tili ndi mtondo ndi munsi, mitsuko yoti ikagunda bampu imodzi yasweka, nkhuku zoti uzigwire usiku zitalowa m'khola, mbuzi yoti siikwera lole mwaulemu. Chimanga chiyenera kutongoledwa, kuthira mankhwala, kusoka matumba. Mbewu yosunga iikidwe payokha, apo ayi mwana aitengera kuchigayo. Nanga nandolo amene sanaume? Chinangwa chili pansi? Nthochi yomwe yangotulutsa mkoko uikweza bwanji?

M'nyumba namo mumabuka ndewu. Bambo akuti poto wobooka atayidwe, mayi akuti ndi amene anawasiyira malemu amayi awo. Anthu okhala limodzi zaka 30 osamenyana amatha kusiya kulankhulana chifukwa cha poto.

Tsono chimene chimandinyansa ndi ichi. Tikamva kuti auje akusamuka Loweruka, timadikira Lachisanu madzulo, podziwa kuti munthu wapanikizika, ndiye n'kupita kukanenerera mbuzi yake pamtengo wa tambala. Ena amafika ngati odzathandiza kunyamula, khasu n'kusowa. Anthu omwewa pamaliro timasonkha ufa, nkhuni, kugona panja usiku wonse. Bwanji wamoyo akamachoka timamudyera masuku pamutu? Ine ndikuti wogula agule pamtengo wa pamsika wa Bvumbwe kapena Luchenza. Ngati ndalama zilibe, asiyeni, m'bale wawo adzawagulitsira bwinobwino pambuyo.

Ndipo katundu wolemera kwambiri sakwera lole. Kuno kwathu ambiri ndi a chikamwini. Bambo wathyola tiyi moyo wake wonse, kwawo anachokako kalekale, munda alongo ake anagawira ana awo. Kwa mkazi nako malo ndi kachigamba. Ndiye munthu akumanga mitolo asakudziwa bwino kuti akaitsitsira pakhomo pa yani. Tulo ungagone? Thyolo malo anatha, tonse tikudziwa, tiyi anayamba kutenga mapiri athu agogo athu ali anyamata.

Akuluakulu mukukumbukira Kudzigulira Malo, pulojekiti ija ya boma ya ndalama za World Bank, kuyambira 2004 mpaka 2011. Mabanja pafupifupi 15,000 anapeza malo, ena a kuno ku Thyolo ndi Mulanje anapita ku Mangochi ndi Machinga, banja lililonse mahekitala ngati awiri. Malo aakulu zedi poyerekeza ndi athuwa. Komabe ena anabwerera. Anthu ankawanena kuti ndi aulesi. Ine sindivomereza. Munthu wasiya manda a makolo, wasiya mjigo pafupi, chipatala, mpingo, wakafika kotentha kopanda mvula yathu ino. Amene anapirira akudya bwino, inde, koma funsani mmene chaka choyamba chinawawira.

Kwa amene muli ndi mpata wosankha tsiku, samukani mutakolola, June kapena July. Msewu wouma, lole siititimira, ndipo mufika nthawi ilipo youmba njerwa ndi kusosa mvula isanagwe mu November. Ana nawo akayamba sukulu mu September limodzi ndi anzawo. Ndikanakonda akuluakulu a m'maesiteti nawonso aziganizira zimenezi, wopuma pantchito azimulola adikire kukolola kadimba kake.

Mapepala musawaike m'thumba la zovala ayi. Chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala, makamaka a amene mumalandira mankhwala mwezi ndi mwezi, kalata ya sukulu, ya kumpingo, ya amfumu yokaonetsa kwa amfumu anzawo, ndi mapepala a penshoni, zonsezi mujumbo, mayi amange m'chitenje m'chiuno. Mbuzi nazo muonane kaye ndi alangizi a ziweto, pa rodibuloko amafunsa kalata.

Inu ana a m'tauni, makolo akakuuzani kuti akusamuka musamangoti "tiona". Tumizani ya lole pa Mpamba kapena Airtel Money sabata isanakwane, chifukwa mwini lole akaona katundu ali kale pabwalo mtengo amakweza. Ndipo mmodzi wa inu abwere ndithu adzanyamule nawo. Amayi anu msana unatha ndi dengu la tiyi.