Tigule helikoputa ya odwala, tiziikonzanso

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule nawo. Kuno ku maesiteti a tiyi ku Thyolo, mvula ikadula msewu timanyamula mayi wodwala pamachira. Namondwe Freddy atakokolola milatho mu 2023, tinadalira mahelikoputa a ku Tanzania. Tikuthokoza, komatu fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Boma ligule yathuyathu, koma kugula kokha sikokwanira. Ndege imene inagwa ndi Dr Saulos Chilima ku Chikangawa pa 10 June 2024 inali ndi chipangizo cholozera pamene yagwera. Akatswiri a ku Germany anapeza kuti batire yake inatha ntchito mu 2004.

Abusa ndi mafumu, kumbutsani aphungu athu kuti ndalama zokonzera ndege zisamasowe m'bajeti.

Wodandaula,
Thyolo.