Nimu wa kuseri kwa nyumba ndi ulendo wa kukiliniki

Pamalo pano timadya m'mbale imodzi Acewa, Ansenga, Angoni, Atumbuka ndi Akunda, ndipo wina akangodandaula kuti thupi likuphwanya, mankhwala amene amachulidwa amaculuka kuposa anthu ali pabwalopo. Uyu ati wiritsa nimu, uyo ati fukiza masamba a bulugamu, wina ati pita kukiliniki dzuwa lisanakwere. Aliyense amalankhula molimba mtima zimene anaona zikugwira nchito kwao.

Ena mumpingo amafulumira kunena kuti womwa zitsamba ndi mbuli kapena wacikunja. Ine sindivomereza. Mlimi amawerengera bwino zinthu. Malungo amakula m'dzinja, nthawi imene udzu uli pampikisano ndi cimanga ndipo mitsinje yadzaza. Boma linacotsa malipiro m'zipatala za kumidzi mu 2006, koma silinacotse mtunda. Ulendo wa kukiliniki umadya tsiku lathunthu la kupalira ndi ndalama ya njinga yamoto, ndipo nthawi zina munthu amabwerako ndi kapepala kokha koti akagule mankhwala kutauni. Nimu ali kuseri kwa nyumba. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Palinso nkhani ya cilankhulo ndi ulemu. Namwino wocokera kucigawo cina, amene ali ndi mzere wa odwala mpaka panja, sangakhale ndi nthawi yomva zonse. Gogo wodziwa mizu amakupatsa mphasa, amalankhula cakwanu, amadziwa ndi maliro amene munali nawo caka catha. Wodwala amapita kumene akumvedwa.

Komanso mpanda wa pakati pa mitengo ndi mapiritsi si wautali monga timaganizira. Kwinini anacokera ku makungwa a mtengo wa cinchona wa ku South America. Coartem amene timalandira kukiliniki muzu wake ndi citsamba ca Artemisia annua, cimene anthu a ku China anacigwiritsa nchito kwa zaka mazanamazana, ndipo mayi Tu Youyou analandira mphoto ya Nobel mu 2015 cifukwa copeza mphamvu yake.

Kusiyana kuli pa muyeso, ndipo apa ndi pamene mlimi ayenera kumva msanga kuposa wina aliyense. Timaphunzitsana kuthira fataleza ndi kacibekete pa phando lililonse, osati ndi dzanja, pakuti wocepa sabereketsa ndipo woculuka amaocha mbewu. Nanga mphamvu ya tsamba mumphika waiyesa ndani? Imasintha ndi nthaka, ndi msinkhu wa comeraco, ndi kaumitsidwe kake. N'cifukwa cake bungwe la WHO silivomereza tiyi wa artemisia ngati mankhwala a malungo: angacepetse kutentha kwa thupi koma n'kusiya tizilombo tina tamoyo, tozolowera mankhwala. Coartem amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, molingana ndi kulemera kwa wodwala, ndipo ayenera kutha yense ngakhale munthu atamva bwino tsiku laciwiri.

Cimene cimatipha kawirikawiri si muzu weniweniwo, koma masiku amene timataya tikudikira kuti ugwire nchito. Cimfine cingadikire, ndipo kufukiza kumatsegula mphuno ndithu. Mwana wotentha thupi sangadikire. Malungo angam'fike kumutu m'tsiku limodzi kapena awiri, ndipo akayamba kukomoka, banja limayamba kuloza cala kwa mnansi m'malo mokwera njinga. Kuyeza kumafuna kadontho ka magazi a pacala ndi mphindi zosapitirira 20, ndipo m'midzi yambiri muli anchito odzipereka a zaumoyo amene amayeza ndi kupereka mankhwala pakhomo pao.

Coopsa cina ndi kubisa. Munthu wanyozedwa kuchalichi cifukwa ca mizu, wakalipiridwa kucipatala, ndiye amamwa zonse ziwiri mwakacetecete. Zitsamba zina zimalimbana ndi ma ARV ndi mankhwala a BP, zina zimalemetsa ciwindi ndi impso. Namwino sangateteze wodwala ku cinthu cimene sanauzidwe, ndipo sadzauzidwa ngati atsogoleri a mpingo tipitiriza kucititsa anthu manyazi.

Inu amene munamaliza maphunziro ndipo mwabwerera kumidzi, anthu amakufunsani za mbewu, ndipo adzakufunsaninso za matenda. Dzinja lisanafike, dziwani nyumba ya woyeza malungo amene ali pafupi nanu, ndipo mugwirizane ndi anansi za njinga imene idzanyamula wodwala usiku.