Moto wa magetsi si tsoka ayi, timachita kuugula

Sabata yatha ndinapita kukametetsa pa kanyumba kena ku Area 13. Ndili pampando ndinamva fungo la pulasitiki wopserera. Wometayo sanatekeseke. Anangozula pulagi, nkuiuzira ngati mbatata yootcha, nkuibwezeranso. Pa soketi imodzi yomweyo panali makina ometera, ketulo, wailesi ndi mafoni a anthu. Nditasuzumira m'bokosi la magetsi ndinaona kuti pamalo pa fyuzi anamangapo waya wonenepa.

"Fyuzi inkangopsa, bwana," iye anatero.

Abale anga, ntchito ya fyuzi ndi yomweyo. Anaipanga kuti izipsa iyo m'malo mwa nyumba. Ikamapsa kawirikawiri ikukuuzani kuti mwasenzetsa waya katundu woposa msinkhu wake. Kuichotsa nkuikapo waya kuli ngati kupha galu chifukwa wauwa akuba.

Tsiku limene kanyumbako kadzapse tidzamva nyimbo yakale: ndi tsoka, ndi adani, ndi ufiti, ndi a ESCOM. Ine ndikukana. Moto wotere timaugula tokha tsiku loika mawaya.

Magetsi amayenda m'misewu yathu pa mavolti 11,000, thiransifoma nkuwatsitsa kuti alowe m'nyumba pa mavolti 230. Mphamvu imeneyi imapha. Nchifukwa chake wodziwa ntchito amayamba wawerengera katundu amene nyumbayo idzagwiritse ntchito. Mababu amawapatsa waya wa 1.5mm, masoketi wa 2.5mm, kuka yophikira wa 6mm, ndipo njira iliyonse amaipatsa breaker yolingana ndi waya wake. Amakhoma chitsulo cha earth m'nthaka kuti magetsi akathawira pa firiji asadzere mwa mwana wanu. Amaikanso chida chija chotchedwa RCD, chimene chimazimitsa magetsi pakangotayika ma milliamp 30. Akamaliza amayeza ndi makina, osati ndi chala.

Nanga ife timatani? Timamanga mpanda wa njerwa, geti lachitsulo ndi matailosi ochokera kunja, koma pa magetsi timaitana mnyamata amene anangoonerera amalume ake akugwira ntchito. Timagula waya wotchipa wopyapyala mkati, nkuubisa kudenga. Inu amene mwabwerera kumudzi kuchokera ku London ndi ku Johannesburg, kodi kumeneko mukanalola zimenezi? Bwanji mukafika pa Kamuzu International Airport nzeruzo mumazisiya m'ndege?

Vutoli silili m'timashopu mokha ayi. Lilongwe inakhala likulu mu 1975, ndipo nyumba zambiri za ku City Centre ndi ku Capital Hill ndi za nthawi imeneyo. Anaziikira mawaya oyenera mababu ndi mataipi. Lero m'menemo mwadzaza makompyuta, makina oziziritsira mpweya, mafotokope ndi maketulo. Mawaya amakalamba ngati munthu. Ndani anawayeza komaliza, ndipo liti? Anthu amene amalowa m'maofesi amenewa tsiku ndi tsiku ali ndi ufulu wodziwa.

Tawonjezeranso majenereta. Magetsi atavuta mu 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira, ambiri anathamangira kukagula. Jenereta imafuna switch yoilekanitsa ndi mawaya a ESCOM. Ukangoisomeka pa soketi, magetsi ake amabwerera ku thiransifoma, nakwera mphamvu, nkukapha munthu amene wakwera pa polo akuyesa kuti azimitsa. Imeneyo si ngozi. Nkupha.

Malamulo alipo. Bungwe la MERA limapereka ziphaso kwa oika magetsi, ndipo la Malawi Bureau of Standards lilipo kuti katundu wachinyengo asadzaze m'mashopu. Mabungwe amenewa atuluke m'maofesi aziyendera misika ndi nyumba zakale, ndipo zimene apeza azizilengeza poyera. Tinaona ESCOM House ikupsa ku Blantyre mu 2013, tinaonanso laibulale ya Mzuzu University ikusanduka phulusa mu 2015. Chilichonse chimene chinayatsa motowo, phunziro ndi limodzi: moto suona nkhope.

Koma tisangoloza ena chala. Mawa wamagetsi akabwera, mufunseni chiphaso. Mufunseni kumene wakhoma earth. Akakwiya, musonyezeni geti. Paja safunsa anadya phula.

Wometa uja ndinamuuza zonsezi. Anaseka, nati ophunzira mumavuta. Ine ndinatuluka mutu utametedwa mbali imodzi, ndipo sindikudandaula.