Tisanapemphe cipukuta misozi kwa azungu, tikumbuke Feira

Mu April 2025 mtsogoleri wa dziko la France a Emmanuel Macron anabvomera poyera kuti ndalama zimene dziko lao linalipiritsa dziko la Haiti cifukwa colandira ufulu zinali zosalungama. Anati akhazikitsa kabungwe ka akatswiri a mbiri yakale kuti kaone bwino nkhaniyi, koma za kubweza ndalamazo sanakambepo. Bungwe la African Union linasankha kuti nkhani yaikulu ya caka comweco ikhale ya cipukuta misozi kwa anthu a mu Africa ndi kwa adzukulu a akapolo amene ali kutsidya kwa nyanja.

Ena anganene kuti izi sizitikhudza. Haiti ili kutali ku nyanja ya Caribbean, ndipo ife kuno ku Zambia tilibe ngakhale doko la pa nyanja ya mcere. Koma amene anafikako ku boma la Luangwa, kumene akuluakulu akali kukonda dzina lakale lija la Feira, adziwa kuti nkhani ya ukapolo ndi yathunso.

Tiyambe ndi Haiti. Pa nthawi ya atsamunda dzina la dzikoli linali Saint-Domingue, ndipo linali munda waukulu wa nzimbe ndi khofi wa Afalansa. Pofika 1789 munali akapolo pafupifupi 500,000. Mu August 1791 akapolowo anaukira. Mtsogoleri wao Toussaint Louverture anagwidwa mwacinyengo mu 1802 nakafera m'ndende ku France, koma nkhondo inapitirira kufikira pa 1 January 1804 pamene Jean-Jacques Dessalines analengeza kuti dzikolo ndi la ufulu. Ife wathu tinaulandira patapita zaka 160.

Ufuluwo unabwera ndi mtengo. Mu 1825 mfumu ya France, Charles X, inatumiza zombo za nkhondo ndi kulamula kuti Haiti ilipire ma franc 150 miliyoni kwa azungu amene anataya minda ndi akapolo ao. Mu 1838 anatsitsa kufika pa 90 miliyoni. Kuti ilipire France, Haiti inakakongola ku mabanki a ku France komweko, ndipo nkhongole zobadwa pamenepo zinatha mu 1947. Ndalama zimene zikanamanga masukulu ndi zipatala zinaoloka nyanja.

Zotsatira zake tizidziwa. Asilikali a America analamulira dzikolo kucokera mu 1915 kufika mu 1934. Banja la Duvalier linapondereza anthu kucokera mu 1957 kufika mu 1986. Cibvomezi ca mu 2010 cinapasula mzinda wa Port-au-Prince, mtsogoleri wa dziko Jovenel Moïse anaphedwa m'nyumba mwake mu 2021, ndipo mu 2024 apolisi a ku Kenya anatumizidwa kukathandiza kulimbana ndi magulu a zigawenga. Sitikuti mabvuto onsewa anabwera ndi Afalansa. Atsogoleri akuba a dzikolo ali ndi mlandu wao. Koma dziko loyamba moyo wake ndi nkhongole yotere silingaime bwino, ndipo ife amene tinalephera kulipira nkhongole zathu mu 2020 tidziwa mmene katunduyo alemerera.

Nanga Feira alowapo bwanji? M'zaka za m'ma 1780 zombo za Afalansa zinali kutenga anthu pagombe la Mozambique ndi kukawagulitsa ku Saint-Domingue. Pambuyo pake doko la Quelimane, kufupi ndi kumene Zambezi athirira m'nyanja, linatumiza akapolo ambirimbiri ku Brazil, ena ku Cuba. Njira yaikulu yofikira ku doko limenelo kucokera mkati mwa dziko inali mtsinje wa Zambezi, womwewo umene ukumana ndi Luangwa pa Feira.

Amalonda a Cipwitikizi ndi a ku Goa anakhazikitsa Zumbo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, ndipo tsidya lino la Luangwa anaikapo malo a malonda. Liu lakuti feira m'Cipwitikizi litanthauza msika. Poyamba anali kufuna golide ndi minyanga ya njovu, kenaka anayamba kufuna anthu. Mu November 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi kufupi ndi pamenepa, tsiku la kadamsana. Pamene David Livingstone anadutsa mu January 1856, atapita m'midzi ya Mburuma, anapeza mabwinja a nyumba zamiyala ndi belu losweka la pa chalichi.

Apwitikizi anabwereranso m'zaka za m'ma 1860, ndipo iyi ndiyo nthawi imene akuluakulu a m'cigwa aikumbuka ndi mantha. José do Rosário Andrade, wodziwika kuti Kanyemba, ndi José de Araújo Lobo, wodziwika kuti Matakenya, anali ndi malinga ndi asilikali a mfuti. Anapha njovu, anaononga midzi, ndipo anagwira anthu pakati pa Ansenga, Asoli, Aambo ndi Alala. Dzina la Kanyemba likalipo kutsidya kwa Zambezi m'dziko la Zimbabwe.

Apa tiyenera kukamba coonadi conse. Asilikali a anthu amenewa anali Acikunda, anthu akuda ngati ife. Koma Acikundawo anayamba ngati akapolo onyamula mfuti pa minda ya Apwitikizi kumunsi kwa mtsinje. Minda ija itagwa anakwera ndi Zambezi, ena nakhala alenje, ena opalasa mabwato, ena nagwiritsidwa nchito yogwira anzao. Lero anthu a mfumu Mphuka ndi anthu a mfumu yaikulu Mburuma akhala pamodzi, akwatirana, amwa madzi amodzi. Sitikamba izi kuti tiloze cala mtundu wina uliwonse. Tikamba kuti tione mmene malonda a ukapolo anasandutsira wogwidwa kukhala wogwira, pamene phindu linali kupita kwa ena kutali.

Pangano la Britain ndi Portugal la mu 1891 linaika mtsinje wa Luangwa kukhala malire, ndipo Feira anagwa m'manja mwa kampani ya British South Africa. Ukapolo unatha, koma kunabwera msonkho. Anyamata ocokera kum'mawa ndi ku Nyasaland anayamba kuolokera pa Feira kupita ku migodi ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia. Njanji itafika ku Broken Hill mu 1906, ndiponso mseu wa Great East utalambalala kumpoto, Feira anatsala yekha kumapeto kwa njira.

Ngakhale pambuyo pa ufulu anthu a kuno analipiranso. Mu March 1978 asilikali a Ian Smith anaukira Kavalamanja cifukwa kunali omenyera ufulu wa Zimbabwe. Asilikali athu ndi anthu wamba anafa. Caka ciliconse akuluakulu a boma amapita kukaika maluwa, ndipo madzulo ake amabwerera ku Lusaka.

Mukaima pa doko la Luangwa lero mudzaona mabwato odzaza nsomba zouma zocokera ku Zumbo ndi ku nyanja ya Cahora Bassa. Nsombazo zikwezedwa pa mathiraki kupita ku Lusaka ndi ku Kasumbalesa. Alendo ocokera kunja alipira madola kudzaona njovu za ku Lower Zambezi, njovu zomwezo zimene zidya cimanga ca mlimi wa kwa Mphuka usiku umodzi. Mvula ikacepa, boma lino likhala pakati pa oyamba kupempha cakudya ca thandizo. Zabwino zilipo ndithu. Mseu wa makilomita pafupifupi 90 wocokera pa mlatho wa Luangwa unathiridwa tara, ndipo cipatala ca mishoni ca Katondwe cithandiza anthu ngakhale ocokera kutsidya. Koma kwa zaka 300 katundu wakhala akudutsa pa Feira, phindu n'kukagwera kwina.

Ndiye cifukwa cake tikuti, pamene dziko lathu ligwirizana ndi maiko a mu Africa ndi a bungwe la CARICOM, amene anatulutsa mfundo zao 10 za cipukuta misozi mu 2014, lisapite manja lendelende. Wopita ku bwalo la milandu amapita ndi mboni, ndipo mboni yathu ndi Feira. A bungwe la National Heritage Conservation Commission asamale malo akale a m'mbali mwa mtsinje. A University of Zambia atumize ophunzira kukalemba zimene nkhalamba zidziwa, makamaka pa miyambo ya Mbambala ndi Dantho pamene anthu asonkhana, nkhalambazo zisanapite nazo kumanda. Mwana wa sukulu ku Luangwa adziwe Kanyemba monga mmene adziwira Cecil Rhodes.

Cina n'cakuti tisapemphe kwa azungu cilungamo cimene ife eni tilephera kucitira anthu athu. Ndalama za citukuko ca dera la phungu zinakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022. Anthu a dera la Feira ali ndi ufulu wofunsa khonsolo kuti ndalamazo, pamodzi ndi msonkho wa nsomba, zagwira nchito yanji. Asodzi afuna malo osungiramo nsomba kuti asamagulitse mothamanga pa mtengo wolira. Alimi afuna citetezo ku njovu, ndiponso gawo looneka la ndalama za alendo.

Haiti inalipira ufulu wake kwa zaka 122, ndipo adzukulu ake akali kufunsa kuti ndalamazo zidzabwera liti. Tiwathandize kufunsa, cifukwa mlandu wao ndi wathunso. Koma anthu a ku Feira naonso afunsa, ndipo yankho lao siliyembekezera Paris kapena Lisbon. Lili ku Lusaka, ulendo wa tsiku limodzi pa basi.