PA BWALO LATHU: Mwana Akafuna Uloya, Timtumize Kuti?

Sabata yatha ndinalandira kalata yocokera kwa abambo ena a m'boma la Katete. Mwana wao wamkazi wapambana bwino mayeso a Geredi 12, ndipo mtima wace uli pa kuphunzira malamulo. Abambowo ali ndi ng'ombe zisanu ndi imodzi ndi munda wa nshawa, ndipo ali okonzeka kugulitsako ziwiri kuti mwana apite. Cimene cawasokoneza ndi kuculuka kwa mayunivesiti amene amamva pa wailesi, iriyonse idzitama kuti ndiyo yopambana. Popeza funso lao liri m'mitima ya makolo ambiri, ndaganiza kuliyankha pano pa bwalo kuti tonse timve.

Coyamba tidziwe kuti digiri ya malamulo payokha siimsandutsa munthu kukhala loya. Pa ulendo uwu pali mitsinje iwiri yoti aoloke. Woyamba ndi yunivesiti, kumene mwana amakhala zaka zinai. Waciwiri ndi sukulu ya ku Lusaka yochedwa Zambia Institute of Advanced Legal Education, kapena ZIALE mwacidule, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1996 m'malo mwa Law Practice Institute. Kumeneko, kwa pafupifupi caka cimodzi, amaphunzira nchito yeniyeni: kulemba zikalata za milandu, kayendetsedwe ka khoti, kusintha umwini wa malo, kusunga ndalama za anthu ndi makhalidwe oyenera loya. Wopambana mayeso a kumeneko ndiye amalandiridwa pamaso pa Mkulu wa Oweruza Milandu ndi kuyamba kuimirira anthu m'khoti. Mayesowo ndi olimba, ndipo zaka zambiri opambana pa ulendo woyamba akhala ocepa. Cotero ubwino wa yunivesiti umaonekera pa mtsinje waciwiriwu.

Caciwiri, musanafunse za mbiri ya sukulu, funsani ngati ndi yololedwa. Lamulo la maphunziro apamwamba la mu 2013 linakhazikitsa bungwe la Higher Education Authority, limene limalembetsa mayunivesiti amene sali a boma. Funsaninso ku ZIALE ngati amalandira digiri ya sukulu imene mwaiganizira. Ngati sukuluyo ndi ya kunja kwa dziko, bungwe la Zambia Qualifications Authority ndilo limatsimikiza masatifiketi ace. Ndinena izi ndi cisoni, pakuti m'banja lathu lomwe mnyamata wina anataya zaka ziwiri ndi ndalama za thonje la amai ace pa koleji ina ya cikwangwani cokongola, ndipo pambuyo pace anapeza kuti mapepala ace sakampititsa kuli konse. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano tinene za mbiri. Yunivesiti ya Zambia, imene tonse timaicha UNZA, inatsegulidwa mu 1966, ndipo sukulu yace ya malamulo inayamba mu 1967. Kwa zaka zambiri ndiyo yokha inali kupereka digiri ya malamulo m'dziko muno. Kumeneko ndiko anaphunzira malemu a Levy Mwanawasa, amene anatsogolera dziko kuyambira 2002 kufikira 2008, ndi malemu a Irene Mambilima, amene mu 2015 anakhala mkazi woyamba kukhazikitsidwa pa udindo wa Mkulu wa Oweruza Milandu. Mbiri yotere iri ndi phindu looneka. Oweruza ambiri ndi eni maofesi a uloya anapita pa sukulu imeneyo, amadziwa kaphunzitsidwe kace, ndipo kalata yofunsira nchito ya wocokera kumeneko amaiwerenga ndi cidwi. Koma malo ndi ocepa, opikisana ndi ambiri, ndipo mwana ayenera kukhala ndi zotuluka zabwino koposa, makamaka pa Cingerezi.

Wolephera kupeza malo ku UNZA asataye mtima. Malamulo amaphunzitsidwanso pa Yunivesiti ya Mulungushi ku Kabwe, imene ndi ya boma ndipo inayamba mu 2008, ndiponso m'mayunivesiti amene sali a boma monga University of Lusaka, Cavendish ndi Zambian Open University. Ena mwa awa ali ndi maphunziro a madzulo kapena a pakhomo, othandiza munthu amene ali kale pa nchito. Cofunika ndi kupita komweko ndi mafunso m'manja. Mwa ophunzira anu amene anapita ku ZIALE, anapambana angati? Aphunzitsi okhazikika alipo angati, kapena onse ndi obwera kamodzi pa sabata? Kodi m'nyumba ya mabuku muli malamulo a dziko lino ndi mabuku a zigamulo za makhoti athu? Kodi ophunzira amayeserera kuzenga milandu, ndi kutumizidwa ku maofesi a maloya kukaona nchito? Sukulu yoona siikwiya ndi mafunso otere. Imene izemba mayankho yakuuzani kale za iyo yokha.

Cacitatu ndi ndalama. Makolo ambiri amawerengera fizi ya caka coyamba cabe, naiwala kuti ulendo ndi wa zaka zisanu. Pali malo ogona, cakudya, mabuku ndi ndalama ya basi, ndipo pamapeto pali fizi ya ku ZIALE ndi lendi ya mu Lusaka. Bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016, limapereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesiti a boma, ngakhale si onse opempha amene amalandira, ndipo ndalamayo imabwezedwa pambuyo pace. Sukulu yochuka imene mungalipire zaka ziwiri zokha ndi yocepa phindu poyerekeza ndi sukulu yololedwa imene mungalipire kufikira mwana atsirize.

Nanga nchito? Tisadzinyenge kuti loya ali yense amagula galimoto caka coyamba. Omaliza digiri ya malamulo aculuka, maofesi ambiri a uloya ali mu Lusaka ndi ku Copperbelt, ndipo malipiro a woyamba kumene amakhala ocepa. Komabe makomo alipo ambiri: kuzenga milandu ya boma ku National Prosecution Authority, kuimirira osauka ku Legal Aid Board, kukhala majisitireti, kapena kulangiza Unduna wa Zacilungamo, makhonsolo, mabanki ndi makampani. Kuno kumidzi nako kusowa ndi kwakukuru. Akazi amasiye ndi ana ao amalandidwa cuma ngakhale lamulo la mu 1989 logawa cuma ca womwalira wosasiya wilu limawateteza, ndipo mikangano ya minda siitha. Mwana wodziwa Cinyanja ndi miyambo yathu, akadziwanso malamulo olembedwa, ali ndi cida cimene anzace ambiri alibe.

Pomaliza, muyeseni mwana mwini wace. Uloya ndi kuwerenga masamba ambiri usiku ndi usana, kulemba momveka ndi kusunga cinsinsi ca munthu. Pitani naye ku khoti la majisitireti, kumene milandu yambiri imazengedwa poyera, akakhale tsiku lathunthu ndi kumvetsera. Akaturuka ali ndi mafunso m'malo mwa tulo, dziwani kuti njira ndi yace.

Kwa inu abambo a ku Katete, yankho langa ndi ili. Mwana apemphe malo ku UNZA, ndipo nthawi yomweyo apemphenso ku sukulu zina ziwiri zimene mwatsimikiza kuti ndi zololedwa. Ng'ombe zikhale m'khola kufikira kalata yomuitana ifike m'manja mwanu, ndipo polipira, lipirani ku banki m'dzina la sukulu, osati kwa munthu wolonjeza kukupezerani malo. Safunsa anadya phula, inu mwafunsa nthawi ikalipo. Mudzatilembere za kumene mwana wapita, kuti makolo ena aphunzirepo.